Mipando Yobwereka ya Amake Zipora

Ku Mgona, kuseri kwa mafakitale a fodya a ku Kanengo, munthu akafunsa za mayi Rozina Makwinja anthu ankangomuyang'ana. Dzina limenelo linali la pa khadi la kuchipatala ndi m'buku la mpingo basi. Koma akati amake Zipora, ngakhale wogulitsa makala ankaloza ndi chala chakuda: tsikirani kumunsi uko, mukaona khomo losesedwa ngati kukubwera abusa, mwafika. Zipora mwini dzinalo anali atagona kumanda kalekale, koma dzina linatsalira amayi ake, ndipo iwo ankavomera bwinobwino.

Amake Zipora anabadwira ku Chiradzulu, m'banja limene mlendo ankadya ana akuyang'ana kumbali. Sukulu analekezera Sitandade 3. Maphunziro enieni anawapatsa ndi amayi awo, amene ankati mlendo akalowa m'nyumba asatulukemo akudziwa kuti eni ake anagona ndi njala. Mawu amenewo anawalowa m'mafupa, ndipo ukalamba unachotsa mano, unachotsa mphamvu za m'mawondo, koma iwowo unawalephera.

Ku Lilongwe anabwera ali ndi mwana mmodzi kumsana, nthawi imene likulu linkamangidwa, kutsatira amuna awo a Gilford amene ankaponya njerwa pa zimango za boma. Zimango zitatha a Gilford analowa ya fodya ku Kanengo, ntchito ya theka la chaka, theka linalo n'kumathera pa bawo. Anamanga nyumba ya zidina ya zipinda ziwiri, malata ake akale, opanikiza ndi miyala. Munali tebulo, mipando inayi, bedi ndi wailesi, ndipo pa nthawiyo amake Zipora sankatchedwa osauka ndi munthu aliyense. A Gilford anapita ndi chifuwa mu 1998. Mwana wamwamuna, Golden, anakwera basi ya ku Joni, analemba kalata imodzi yonena kuti wafika bwino, ndipo kuchokera pamenepo kunangoti zii.

Kenaka kunabwera chaka cha 2002, chimene anthu a ku Mgona sakonda kuchitchula. Njala inalowa m'tauni, anthu n'kumalimbirana madeya kuchigayo, ndipo m'chaka chomwecho Zipora anabwerera kwa amayi ake akudwala matenda aja osatchulidwa dzina, atagwira mwana wake Thokozire pa dzanja. Katundu anayamba kutuluka m'nyumba. Wailesi inapita kukasanduka phala. Mipando inatsatira, tebulo, kenaka bedi, moti Zipora anamwalirira pa mphasa. Maliro atatha m'nyumbamo munatsala mphasa ziwiri, ndowa, mbaula, mapoto awiri, thadzi limodzi logona pakona, ndi mwana wa zaka khumi wa maso akuluakulu.

Amake Zipora anayamba yosankha mtedza pamsika wa Mgona. Amalonda ankabwera ndi matumba kuchokera ku Mchinji ndi ku Kasungu, ndipo amayi ankakhala pansi miyendo ili tambasu, lichero pa ntchafu, kupeta ndi kuchotsa wowola ndi wonyala, kuyambira m'mawa mpaka msana utakana. Malipiro a tsiku ankakwana kathumba ka ufa kaja ankati wokumani, ndi bonya wa m'manja. Tsiku limene magalimoto sanabwere, mbaula sinkayaka. Koma mukanawaona Lamulungu, chitenje chochapa, duku lomanga bwino, mukanalumbira kuti mayi awa kwawo kuli nkhokwe.

Thokozire anali ndi mutu. Aphunzitsi ankamutuma kulemba pa bolodi iwo akapita kukamwa tiyi. Mazira a thadzi lija sankadyedwa pakhomopo, ankagulitsidwa kuti apeze makope. Mu Disembala 2005 zotsatira za Sitandade 8 zitatuluka, pa sukulu yonse ya ana mazanamazana anasankhidwa kupita ku sekondale yogonera anali awiri okha, ndipo mmodzi anali iyeyo. Agogo ake analulutira mpaka mawu anasasa. Atakhala pansi ndi pamene kalata inawerengedwa yonse: fizi, yunifolomu, nsapato zakuda, bulangete, sutikesi. A hedi a kusekondaleko anali munthu wachifundo, anati malowo awasunga mpaka kumapeto kwa Febuluwale, kupitirira apo apatsa wina. Chaka chimenechonso chinali cha njala.

Ndiye kunamveka kuti bungwe lina la kunja, limene anthu ankangoliti a galimoto yoyera, likufuna kulipirira sukulu ana amasiye a m'mabanja osaukitsitsa, zonse mpaka Fomu 4. Amake Zipora atamva anangoti Mulungu wayankha.

Thandizo lotere silinali lachilendo ku Mgona, ndipo mbiri yake sinali yabwino. Kale mayina ankalembedwa ndi akuluakulu a m'dera, ndiye mndandanda unkatuluka uli ndi adzukulu a olembawo, azilamu awo, ngakhale anthu amene tinawaika m'manda tokha. Eni ndalama kunja kuja anatopa nazo. Anakonza njira yatsopano: palibe mfumu kapena komiti yolemba dzina. Kudzabwera achinyamata ophunzira ndi fomu, adzalowa nyumba ndi nyumba, adzaona ndi maso awo, adzachonga, kenaka kompyuta idzawerengera n'kusankha yokha. Kunena chilungamo, amene anaganiza zimenezi sanali munthu woipa. Ankafuna kuti wosauka weniweni asaponderezedwe. Kungoti ku Mgona anali asanafikeko.

Uthenga unadzera mwa a Anderson, apampando a komiti ya chitukuko, bambo oongoka koma okonda kuwonjezera mchere pa zimene atumidwa. Chaka cha m'mbuyo mwake kunabwera bungwe lina la zaukhondo, limene linayendera zimbudzi ndi kupereka ndowa kwa mabanja aukhondo, ndipo mzungu wake anagwira mphuno pamaso pa anthu. A Anderson chinawawawa mpaka tsikulo. Choncho pamsonkhano anaimirira n'kunena kuti, "Lachinayi kukubwera alendo, wina ndi wochokera kunja. Adzalowa m'nyumba zanu mpaka kuchipinda. Chonde abale anga, tisachititsenso Mgona manyazi."

Lachitatu amake Zipora sanapite kumtedza. Anakatapa dothi lakuda kudambo n'kuzira nyumba yonse, khonde lomwe. Ali mkati mozira anafika mayi Salama, mnzawo woyandikana naye nyumba kwa zaka makumi awiri, Msilamu wa ku Mangochi wophika zitumbuwa, wa pakamwa posatseka. Anasuzumira m'nyumbamo, manja m'chiuno.

"Amake Zipora, alendowo muwakhazika pati? Pa ndowa?"

"Mphasa ilipo, ndaichapa."

"Mzungu pa mphasa! Akadzuka ndi ndani? Mukufuna tidzachite kumukoka ngati ng'ombe yagwa m'dzenje? Dikirani."

Pofika masana nkhani inali itazungulira mzere wonse wa nyumba, ndipo palibe amene anafuna kutsalira, chifukwa amake Zipora anali munthu woyamba kufika pa maliro a aliyense. A Weston, kalipentala wa pamsewu, anali ndi sofa imene mwini wake anali asanadzatenge, ndipo anainyamula okha pamutu. Mayi Salama anabweretsa tebulo, nsalu yake yoluka, fulasiki ndi makapu a maluwa amene ankatuluka pa Idi pokha. Wina anapereka wailesi ndi mabatire omwe, wina katani ya pakhomo la kuchipinda, wina matiresi. Nyumba inasanduka. Amake Zipora anaima pakati, anazungulira, ndipo misozi inalengeza, chifukwa inaoneka monga inalili a Gilford ali moyo.

Thokozire yekha ndi amene sanasangalale. Anaima pakhomo akukanda khoma ndi chikhadabo.

"Agogo, aphunzitsi anati anthuwa akufuna osauka."

"Ndiye wosauka ndi nkhumba? Azikhala m'matope kuti adziwike?"

"Ayi, koma akaona sofa..."

"Iwe, anthu akubwera kudzakutenga ngati mwana wawo. Aone kuti ukuchokera m'nyumba ya munthu, kuti ndalama zawo sizikupita kudzala. Ndani angalipirire mwana wa pakhomo pauve? Kagwire thadzi lija."

Mtsikanayo anayang'ana agogo ake, n'kuyang'ana thadzi limene linkamugulira makope, kenaka anapita kukaligwira. Lachinayi m'mamawa amuna a mayi Salama anadzalizinga, kuti mlendo wa chipembedzo chilichonse adye popanda kufunsa. Mpunga unachokeranso kwa mayi Salama.

Alendo anafika dzuwa lili pamutu. Anali awiri: mtsikana wa ku yunivesite dzina lake Favour, atanyamula mafomu pa kabolodi, ndi mayi wachizungu wofiira ndi dzuwa amene ankati zikomo pa chilichonse, ngakhale pamene nkhuku ya eni inamudutsa m'miyendo. Anali atalowa kale nyumba khumi ndi zinayi, ndipo anali otopa. Atakhala pa sofa ya a Weston onse awiri anapumira m'mwamba. Wailesi inkaimba chapansipansi. Pakhomo panadzaza amayi a mzerewo, aliyense akuyang'ana katundu wake mmene wakhalira bwino.

"Amayi, sitiloledwa kudya m'makomo," anatero Favour ataona mbale.

"Mwanangu, lamulo limenelo ukalisiye kuofesi. Muno ndi mwanga. Samba m'manja."

Favour anaseka, anasamba, anatenga ntchafu. Mzungu analawa mpunga n'kunena zikomo kawiri. Kenaka cholembera chinatuluka. Mafunso oyamba anali osavuta: mayina, zaka, makolo a mwana anamwalira liti. Ena Favour sankafunsa n'komwe, ankangokweza maso, kuyang'ana tebulo, sofa, wailesi, kusuzumira matiresi kuseri kwa katani, n'kuchonga.

"Dzulo pakhomo pano munadya kangati?"

Dzulo lakelo anadya kamodzi, madzulo, phala la madeya lopanda shuga. Amake Zipora anayang'ana pakhomo pamene panali anzawo, anayang'ana mzungu amene ankamwetulira, anayang'ana fupa m'mbale ya Favour. Munthu angauze bwanji mlendo amene nyama ili m'kamwa kuti eni nyumba anagona ndi njala? Kumeneko n'kumulanda mbale.

"Timadya, mwanangu. Mulungu satitaya."

"Pano pakufunika nambala, amayi. Kamodzi, kawiri, katatu?"

"Katatu."

Thokozire anagwetsa nkhope. Funso la nyama Favour anayankha yekha, anangoyang'ana mbale n'kuchonga.

"Alipo wachibale amene ali pa ntchito, woti n'kukuthandizani?"

"Mwana wanga wamwamuna ali ku Joni," anatero amake Zipora, ndipo ananena mokweza pang'ono. Zaka zisanu anali asanamve mawu a Golden, koma mayi sanena pagulu kuti mwana wake anamutaya.

Potuluka mzungu anagwira dzanja lawo ndi manja awiri n'kulankhula Chingerezi, ndipo Favour anamasulira kuti akuti nyumba yanu ndi yokongola kuposa zonse zimene taona lero. Amayi a pakhomo aja anaomba m'manja. Dzuwa lisanalowe katundu yense anali atabwerera kwa eni ake, ndipo m'nyumba munatsala mabowo anayi a miyendo ya sofa pa dothi lozira. Amake Zipora anagona mtima uli m'malo, akuti lero sitinachite manyazi.

Patapita masabata atatu mndandanda unamatidwa pa khoma la sukulu. Amake Zipora anavala za kutchalitchi. Poti zilembo zing'onozing'ono zinkawavuta, anaima kumbuyo kwa gulu, Thokozire n'kulowa kutsogolo. Anayendetsa chala kuchokera pamwamba mpaka pansi. Anayambiranso. Kachitatu anayambira pansi kukwera m'mwamba, ngati kuti dzina lingabisale kwa munthu wotsika n'kuonekera kwa wokwera. Dzina lake panalibe. Amene analembedwa anali ana ovutikadi, palibe anganene kuti panalowa chinyengo. Ambiri anali a m'nyumba zimene tsiku lija munalibe wamkulu wokonza, kapena eni ake anali odwala moti sakanatha kukabwereka kanthu.

M'mawa mwake a Anderson anavala jekete n'kuwaperekeza ku ofesi ya bungwelo m'tauni. Anadikira pa geti mpaka masana, ndipo amene anatuluka anali Favour yemwe uja. Anawazindikira msanga.

"Amayi a nkhuku aja! Muli bwanji?"

Amake Zipora anali ataika m'manda mwamuna ndi mwana, anali atadya madeya, koma mawu amene ananena pa geti imeneyo ndi amene anawalemera koposa onse pa moyo wawo. Anagwada pa simenti, pamaso pa mlonda ndi anthu odutsa.

"Mwanangu, ndabwera kudzaulula. Mipando ija sinali yanga. Tebulo, wailesi, matiresi, zonse zinali za eni. Nkhuku ija inali imodzi yomweyo. Katatu kaja ndinanama. Mwana wa ku Joni uja sindidziwa ngati ali moyo."

"Olakwa ndi ine, madamu," anawonjezera a Anderson chipewa chili m'manja. "Ndine ndinawauza anthu kuti akonze m'nyumba."

Favour anawadzutsa, nkhope yake itasintha. Sanalonjeze kanthu. Koma Loweruka anakwera minibasi ndi ndalama zake n'kutulukira ku Mgona mosayembekezeka. Anapeza mphasa ziwiri, ndowa ndi mbaula yozizira. Anaima pakati pa chipindacho nthawi yaitali, kenaka anakhala pansi pa dothi ndi siketi yake yabwino.

"Amayi anga kwathu ku Dowa akanachita chimodzimodzi," anatero. "Ndikudziwa bwinobwino. Alendo akamabwera timakabwereka mpaka masipuni. Sofa ija inkanunkha vanishi, ndinamva, koma fomu imati chonga chimene waona. Ndinachonga."

"Ndiye ukafufute, mwanangu. Si iwe unalemba?"

Anayesa, zimenezo tisamunamizire. Anapita kwa abwana ake kawiri, kachiwiri analira. Yankho anabwera nalo yekha, chifukwa sanafune kulituma. Mafomu anali atatumizidwa kale kunja. Abwanawo anati akumva chisoni, koma akatsegulira munthu mmodzi, mawa Mgona yense adzafika pa geti kunena kuti sofa inali yobwereka, ndipo woona ndi wonama adzalumbira mofanana. Njirayo anaikonza dala kuti pasapezeke munthu, kaya mfumu, kaya a Anderson, kaya Favour, kaya abwanawo, wotha kulowetsa dzina chifukwa cha chisoni kapena chibale. Kalembera wina adzachitika pakatha zaka ziwiri.

"Zaka ziwiri," anabwereza amake Zipora. "Nanga Febuluwale akudziwa zimenezo?"

Masiku otsalawo anayenda ngati munthu wozungulira mutu. Amayi a mpingo anasonkha, mayi Salama anagulitsa makapu a maluwa aja, a Weston anakhoma kabokosi kolowa m'malo mwa sutikesi. Koma chinali chaka cha njala, aliyense anali ndi pakamwa pake podyetsa, ndipo zonse pamodzi zinangokwana yunifolomu ndi nsapato. Kalata yopita ku Joni sinayankhidwe. Febuluwale anatha monga amathera, msanga kuposa miyezi inzake, ndipo malo a Thokozire anapatsidwa mwana wina.

Mtsikanayo anabwereza Sitandade 8 kwa miyezi itatu, atakhala kumbuyo kwa kalasi, akumva zinthu zimene ankazidziwa kale kuposa mphunzitsi. Kenaka agogo ake anagwidwa ndi nyamakazi m'chiuno, masabata angapo osadzuka, ndipo munthu wina anayenera kukagwira lichero. Kusukulu sanabwererenso. Zala zake zinali zachangu, amalonda ankamulimbirana.

Sanawadzudzule agogo ake, kupatula tsiku limodzi. Anakhala moyandikana pa mulu wa mtedza, ndipo mumsewu munadutsa atsikana a sekondale obwera ku holide, masutikesi pamutu, akuseka. Thokozire anawatsatira ndi maso mpaka anakhota. Kenaka, osakweza mutu, anati:

"Agogo, mukanangonena kuti kamodzi."

Amake Zipora anapitiriza kusankha, koma mtedza wabwino ankauponya ku wowola. Ankadziwa kuti mwanayo akunena zoona, ndipo chimene chinkawapweteka kwambiri n'chakuti chinthu chokhacho chimene ankanyadira pa moyo wawo, chimene umphawi unalephera kuwalanda, ndi chomwecho chinadya sukulu ya mdzukulu wawo. Kuyambira tsiku limenelo anasiya kuimba kutchalitchi, ankangotsegula pakamwa.

Zotsatira zake ndi zimene zimachitikira mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu wokhala pamsika tsiku lonse. Panali dalaivala wina wa lole ya mtedza, wolankhula mofatsa, amene ankamugulira sopo ndi mafuta odzola ndipo ankati adzamubwezera kusukulu. Mimba itaoneka loleyo inasintha njira. Mwana anabadwa mu 2007, wamkazi, ndipo Thokozire anamutcha Chisankho. Agogo ake sanafunse chifukwa chake.

Kumayambiriro kwa 2008 a galimoto yoyera anabwereranso monga analonjezera, pakuti anthuwo pa nkhani ya masiku sankanama. Ulendo uno Mgona anali ataphunzira. Tsiku loti mawa kukubwera alendo, tinjira tonse tinadzaza ndi katundu woyenda chotuluka. Masofa anakabisidwa kuchigayo, mawailesi m'madenga, mbuzi zinapita kukacheza kwa achibale ku Area 25. Amayi amene ankadzola bwino anavala zigamba, ana anauzidwa kuti asasambe. A Anderson sanaitanitse msonkhano, ankangoyenda manja kumbuyo, akuyang'ana pansi. Bungwe linabwera kudzathetsa bodza la akuluakulu ochepa, ndipo pa zaka ziwiri linaphunzitsa dera lonse kunama.

Amake Zipora analibe chobisa. Mayi Salama anawalangiza kuti asasese n'komwe, koma zimenezo zinawakanika, anasesa. Wolemba anali mnyamata wamkulu ndithu, dzina lake a Laws, chifukwa Favour anali atasiya ntchitoyo. Anamuyalira mphasa. Atafunsa za chakudya anayankha kuti kamodzi, tsiku lina osadya. Atafunsa za wachibale anati palibe. Ananena zonsezi akuyang'ana khoma, mawu ali pansi, ngati munthu amene akuvulidwa pagulu.

Patatha masabata atatu a Laws anabwera okha pakhomo, akumwetulira kuchokera patali, pepala lili m'manja.

"Agogo, nkhani yabwino! Pa Mgona yense nyumba yanu yatuluka nambala wani. Palibe wokuposani. Tsopano ndingolemba dzina la mwana amene akupita ku Fomu 1."

Amake Zipora anaimirira msanga kuposa mmene chiuno chinkalolera.

"Thoko! Tabwera kuno! Ndi uyu, bambo. Thokozire Makwinja. Anasankhidwa, kalata ndinasunga."

Thokozire anatuluka kuseri kwa nyumba kumene ankachapa matewera, manja ali ndi thovu, mwana kumsana. A Laws anayang'ana mtsikanayo, anayang'ana mwanayo, kenaka kalata imene agogowo anaitulutsa m'pepala la pulasitiki. Kumwetulira kuja kunazima.

"Iyi ndi ya 2005, agogo. Lamulo likuti mwana akhale amene wasankhidwa chaka chino. Palibenso wina pakhomo pano?"

"Sanasinthe mutu, bambo. Mufunseni chilichonse. Mwanayu ndilera ine."

"Ndikumva, koma malo ake kusukulu kuja kulibenso. Akanayenera kulembanso mayeso."

"Ndiye lembani wakumsanayo. Adzakula. Mumusungire."

A Laws anakanda m'mutu ndi cholembera. "Pulojekiti ikutha chaka chamawa, agogo. Eni ndalama akuti tsopano alowa za ulimi."

Mwana kumsana kuja anayamba kulira, ndipo Thokozire anamugwedeza pang'ono, anapukuta manja pa chitenje.

"Agogo, asiyeni, olakwa si iwo. Achimwene, ndione pepala la mayinalo."

Analitenga, analiwerenga lonse kuyambira pamwamba, Chingerezi chake chomwe, milomo ikuyenda mofulumira. Chala chinaima pa dzina lachiwiri.

"Awa ndikuwadziwa. Mwana wawo wakhozadi chaka chino, ndinkamuthandiza masamu. Koma nokha simungapezeko, njira yake ndi yokhotakhota. Tiyeni ndikuperekezeni."

Anakonza mwana kumsana, anamanga chitenje, n'kutsogola. A Laws anatsanzika mwaulemu, anajambula mzere pa dzina loyamba, n'kumutsatira. Amake Zipora anawayankha kuti ayende bwino, ndipo anapepesa kuti sanawapatse ngakhale madzi. Anaima pakhomo kalata ija ili m'manja, akuyang'ana mdzukulu wawo akulondolera mlendo njira ya ku nyumba ya mwana wina. Anadikira mpaka onse awiri atabisika kuseri kwa nyumba za eni, ndipo pamenepo ndi pamene anakhala pansi n'kuyamba kulira mokweza.